Mawu 45, koma "uja" mulibe

Anthu okonda Esperanto ali ndi chinthu chimodzi chomwe sachedwa kukutulutsira, ngati mayi amene waona alendo n'kuthamangira mbale za m'kabati. Ndi tchati cha mawu 45. Ukangoonetsa kukayika kuti chilankhulo chochita kupanga munthu mmodzi pa tebulo chingagwire ntchito, basi tchaticho chafika kale pa foni yako, ati taona wekha dongosolo lake. Ine tchatichi ndachiyang'ana kokwanira, ndipo lero ndabwera kudzakangana nacho.

Kwa inu amene simunachionepo, chimayenda motere. Pali mitu isanu ya mawu. Ki- ndi mutu wofunsa, ti- ndi woloza, i- ndi wa chinthu chosatchulidwa bwinobwino, ĉi- ndi wa zonse (chilembo chachipewacho muzichitchula ngati ch wa mu "chala"), ndipo neni- ndi wokana. Kenako pali michira isanu ndi inayi: -u wa munthu kapena chinthu chimodzi mwa zinzake, -o wa chinthu chabe, -a wa mtundu, -e wa malo, -am wa nthawi, -al wa chifukwa, -el wa njira, -om wa kuchuluka, ndi -es wa umwini. Mukalumikiza mutu ndi mchira, liwu labadwa. Kie ndiye "kuti?", tie "uko", ie "kwinakwake", ĉie "kulikonse", nenie "kulibe n'komwe". Kiam ndiye "liti?", tiam "nthawi imeneyo", ĉiam "nthawi zonse". Mwaloweza tizidutswa 14, mwakolola mawu 45.

Sindinama, n'zokoma. Munthu amene anatuluka thukuta ku pulayimale kuloweza when, then, always, never, mawu a banja limodzi koma osafanana nkhope, akaona tchatichi mtima umakhala m'malo.

Ndipo mwini wake sindikumunyoza. L. L. Zamenhof anabadwa mu 1859 ku Białystok, tawuni yomwe lero ili ku Poland koma nthawi imeneyo inali pansi pa ufumu wa Russia. M'tawunimo munkakhala Ayuda, Apolishi, Arasha ndi Ajeremani, aliyense ndi chilankhulo chake, aliyense kuyang'ana mnzake ndi diso lofiira. Mnyamatayo anaganiza kuti anthu atakhala ndi chilankhulo chimodzi chomwe si cha fuko lililonse, chidani chikhoza kuzilala. Atakula anakhala dokotala wa maso, ndipo mu 1887 ku Warsaw anatulutsa kabuku koyamba ka chilankhulo chakecho, kolembedwa m'Chirasha, atadzitcha Doktoro Esperanto, kutanthauza dokotala wokhala ndi chiyembekezo. Mtima wake unali wabwino. Omwe ndili nawo mlandu ndi otsatira ake a lero, amene amabwereza usana ndi usiku kuti chilankhulochi sichikondera mbali, ndipo tchati chija ndiye umboni wake poti ndi nzeru yeniyeni yopanda fuko.

Chabwino, tiyeni tiwerenge. Pa mitu isanu ija, woloza ndi umodzi wokha, ti-. Tiu ndi "uyo", tio ndi "icho", tie ndi "uko". Nanga "uyu", "ichi", "kuno"? M'tchati mulibe. Kuti unene chinthu chapafupi, umakatola kaliwu kena kakunja kwa tchati, ĉi, n'kukaphatika kutsogolo kapena kumbuyo: ĉi tiu kapena tiu ĉi, ĉi tie kapena tie ĉi. Ndiye kuti m'chilankhulo chimenechi "pano" ndi "apo" wovala chigamba. Malo omwe waima wolankhula, pomwe kuloza konse kumayambira, alibe liwu lawolawo.

Choseketsa n'chakuti chigambacho chimafanana ndi mutu wachinayi wa tchati chomwecho, uja wa zonse. Ĉi tie ndi "pano", ĉie ndi "paliponse". Ĉi tiu ndi "uyu", ĉiu ndi "aliyense". Tangoganizani kuuza munthu kuti ndimakonda uyu, lilime n'kuterereka pang'ono, iye n'kumva kuti umakonda aliyense. Ukafika pa nthawi, dongosolo limathawiratu. Mwa lamulo la tchati "tsopano" akanakhala ĉi tiam, koma olankhula Esperanto amati nun, liwu lomwe Mjeremani angalizindikire ngakhale ali m'tulo.

Zimenezi sizinagwe kuchokera kumwamba. M'Chirasha "uyo" ndi tot, ndipo "uyu" ndi etot, tot yemweyo ataphatikidwa kachidutswa kutsogolo. Kaliwu ka ĉi ndi m'bale wake wa -ci wa Chifalansa, uja wa mu celui-ci. Ngakhale tchati chenichenicho, chomwe amati ndi nzeru yopanda fuko, tamverani mmene Mrasha amanenera "liti, nthawi imeneyo, nthawi zonse, ndi kamodzi komwe": kogda, togda, vsegda, nikogda. Tsopano ikani pambali pake kiam, tiam, ĉiam, neniam. K wofunsa, t woloza, n wokana, zonse zili momwemo. Zamenhof anatenga nyumba ya kwawo, n'kuwongola makoma, n'kupaka laimu. Ntchito yabwino, koma nyumbayo ndi ya kwawo ndithu, ndipo mlendo wochokera kutali akalowa amazindikira msanga kuti mipando inapangidwira misana ya anthu ena.

Ine mlendo ameneyo ndine, ndipo msana wanga ndi wa Chichewa. Ndiye ndiloleni ndiyerekeze ndi zomwe ndili nazo pakamwa.

Ife tikamaloza timasankha pa njira zinayi, ndipo timasankha osaganiza n'komwe. Nyumba iyi, nyumba iyo, nyumba ino, nyumba ija. Ziwiri zoyambazo Esperanto imazikwanitsa, ndi chigamba chake chija. Pa ziwiri zinazo ndi pomwe pali nkhani.

Nyumba ino si nyumba yapafupi chabe. Ndi nyumba yomwe uli m'kati mwake, yakuzungulira mbali zonse. Sunganene kuti "nyumba ino" uli pa msewu ukuiloza ndi chala. N'chifukwa chake timati chaka chino, mwezi uno, masiku ano, pansi pano. Mphunzitsi akamaloza pa mapu amati "dziko ili". Koma mphunzitsi yemweyo akamadandaula za mtengo wa shuga amati "dziko lino", ndipo m'liwu limodzilo wavomera kuti nayenso ali momwemo, akupsa nawo. M'bale wako wa ku Johannesburg akati "kuno zinthu zavuta", wakuuza kale pomwe waima ndiponso kuti iwe kulibeko. Esperanto "iyi" ndi "ino" imaziwunjika pamodzi mu ĉi tiu. Woloza mapu ndi wokhala m'dzikomo amalankhula mofanana.

Koma mfumu ya onse ndi uja. Uja saloza malo ayi. Chinthucho chikhoza kukhala kuseri kwa chitseko, chikhoza kukhala ku Karonga, chikhoza kukhala kuti chinawola kalekale. Uja amaloza m'mutu mwa mnzako. Ukati "munthu uja wabwera", ukunena kuti aise, ine ndi iwe tili ndi mbiri, ukumudziwa amene ndikunena, usandivutitse kutchula dzina. Mawu atatu okha, koma m'minibasi yodzaza thothotho womva ndi mmodzi. "Nkhani ija yatheka." "Zija ndinasiya." "Ndalama zija bwanji?" Funso lomalizali ena mwa inu mwalilandira sabata ino yomwe, ndipo palibe amene anafunsa kuti ndalama ziti. Ndiye pali "paja", yemwe poyamba ndi wa malo, pamtengo paja, koma anakula mpaka kukhala ndodo yogogodera chikumbumtima cha mnzako: "Paja mwati mubwera liti?" Ngakhale "ujeni", dzina la munthu yemwe dzina lake lathawa koma tonse tikumudziwa, akumveka kuti ndi wa khomo lomweli.

Mukafuna kudziwa mphamvu ya kaliwuka, funsani akuba a pa foni. Uthenga wawo sunena kuti "tumizani ndalama". Umati "ndalama ija mutumize pa nambala iyi". Wakubayo sakukudziwa, iwenso sukumudziwa, koma ndi "ija" mmodziyo wanamizira kuti munakambirana kale, ndipo mutu wako wayamba kusakasaka wokha kuti kodi ndi ya alamu ija, kapena ya chipereganyu. Chotsanimo "ija", uthengawo wasanduka kupempha kwa mlendo, palibe angatumize. Ndiye chida chomwe mbava ikuchigwiritsa ntchito mwaluso chonchi, m'tchati cha chilankhulo cha dziko lonse lapansi mulibe.

Musaganize kuti ndi zachilendo za ife tokha. Akatswiri a zilankhulo amakudziwa kuloza kotereku, ndipo Nikolaus Himmelmann anakufotokoza mu 1996 ngati ntchito yakeyake ya mawu oloza, yokumbutsa chomwe anthu awiri akudziwa kale. Ajapani amagwiritsa ntchito liwu lawo lolozera kutali, ano, ponena za chinthu chomwe onse awiri akukumbukira. Inde, limalembedwa ngati "ano" wathu wa "masiku ano", koma zangochitika. Ndipo Ajapani omwewa ndiwo amandipatsa umboni womwe ndimaukonda kwambiri. Nawonso ali ndi tchati, chobadwa chokha, chopanda dokotala wa maso: kore, sore, are, dore, kutanthauza ichi chili ndi ine, icho chili ndi iwe, icho chili kutali ndi tonsefe, chiti? Pa malo ndi chimodzimodzi: koko, soko, asoko, doko. Mitu inayi, ndipo itatu mwa iyo ndi yoloza. Ndiye wina asandiuze kuti tchati chikakhala chadongosolo chiyenera kukhala ndi woloza mmodzi. Dongosolo ndi lomwelo, kusiyana kwake n'kwakuti Ajapani malo ambiri anawapereka kwa anthu awiri omwe akulankhulana, pomwe Zamenhof anawapereka ku "zonse", "zina" ndi "palibe". Tchati chake ndi cha munthu amene wakhala yekha m'chipinda akusanja dziko m'madilowa. Mnzake wolankhula naye sakuonekamo.

Pali china chomwe ndingochikhudza. Kwathu kuno chala cholozera chimagwadanso. Yesani kulowa pakhomo ndi apongozi n'kunena kuti "uyu ndi mayi wa mkazi wanga", muone ngati nsima mudya. Timati "awa". "Agogo aja", osati "gogo uja". Mu Esperanto tiu ndi tiu basi, kaya ndi mfumu kaya ndi mbuzi. Ena amati kumeneko ndiye kufanana kwa anthu onse. Mwina. Koma kufanana komwe kumatheka pokhapokha ine nditasiya ulemu wanga pakhomo, iwe osasiya kalikonse, ine sindikutcha kusakondera.

Mayankho awo ndimawadziwa, ndipo ena ndi olimba, sindiwazemba.

Loyamba limati chilichonse chomwe wanenacho Esperanto ikhoza kuchinena. Zoona. Munthu akhoza kunena kuti tiu, kiun ni ambaŭ konas, "uyo amene tonse awiri tikumudziwa". Koma mawu asanu amenewo apha ntchito yake, chifukwa ubwino wa "uja" n'ngwakuti sunena poyera kuti pali chinsinsi. Ena amati kaliwu ka la, kofanana ndi the wa Chingerezi, n'kokwanira. Koma la mono ndi "ndalamazo" komanso "ndalama zija", ndipo mwana wa sitandade 3 akudziwa kuti ziwirizi n'zosiyana: zoyambazo tazitchula posachedwa pompa, zinazo ndi za mwezi watha zomwe wakhala ukundizemba nazo. Chilankhulo chilichonse chikhoza kunena chilichonse, zimenezo palibe akutsutsa. Nkhani ili pa mtengo. Pali zomwe chilankhulo chimakupatsa ulere, pali zomwe umagula ndi chiganizo chathunthu, ndipo chodula anthu amangochisiya pa shelefu. Wopanga chilankhulo ndi amene amaika mitengoyo, ndipo amatchipitsa zomwe anazolowera kwawo.

Lachiwiri limati chilankhulo cha anthu onse chiyenera kukhala chophweka, ndiye sitingatenge katundu wa aliyense. Apa ndigwirizana nawo theka. Sindikupempha kuti aikemo uyu, ichi, ili, aka, uwu, izi, iti, magulu onse a mayina omwe amalizitsa azungu ophunzira Chichewa. Katundu ameneyo ndi wathu, tinyamula tokha. Koma tamverani mmene Esperanto imanenera kuti "ndikuwerenga mabuku awa": mi legas tiujn ĉi librojn. Mwaona michira imeneyo? Pali -j wosonyeza kuti mabukuwo ndi ambiri, pali -n wosonyeza kuti mabukuwo ndi omwe akuwerengedwa, osati owerenga, ndipo michira iwiri yonseyo iyenera kuoneka pa dzina komanso pa liwu loloza. Mchira wa -n umenewu ndi mwambo wa zilankhulo ngati Chilatini, Chijeremani, Chirasha ndi Chipolishi. Mtchaina alibe, Mngerezi anautaya pafupifupi wonse, ifenso tilibe. Ndiye malo a zovuta analipo. Zamenhof anasankha zovuta zomwe kwa iye sizinali zovuta, n'kuzitcha zofunikira. Mutu umodzi woonjezera pa tchati ukanakhala kachidutswa kamodzi koloweza, kobala mawu asanu ndi anayi. Kodi n'kolemera kuposa tiujn?

Lachitatu ndi la manambala, ndipo ndi lomwe lili ndi mano. Holger Diessel anasanthula mawu oloza m'zilankhulo 234 za dziko lapansi, n'kupeza kuti zoposa theka zimangosiyanitsa pawiri, pafupi ndi patali. Ndiye amati mwaona, awiri ndiye ambiri, Esperanto yatsata gulu. Koma kafukufuku yemweyo akuti zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu zimasiyanitsa patatu, ndipo m'gulu la "patatu" simuli tizilankhulo ta m'nkhalango ayi. Chisipanishi chili ndi este, ese, aquel. Chipwitikizi, chomwe abale athu a ku Tete amaphunzira ku sukulu, chili ndi este, esse, aquele. Chikoreya chili ndi atatu, Chituruki chili ndi bu, şu, o, Chitagalogi cha ku Philippines chili ndi ito, iyan, iyon, ndipo Chiswahili chapafupi pompa chili ndi huyu, huyo, yule. Kutsidya kwa nyanja yamchere ku Madagascar amasiyanitsa mitunda yokwana isanu ndi iwiri, n'kusiyanitsanso ngati malowo akuoneka kapena ayi. Komanso kuwerenga mitunda kokha kumabisa mfundo yanga, chifukwa "ino" ndi "ija" si mitunda. Ungayeze ndi tepi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, "uja" sumupeza.

Mwina mukuti ndalimbana ndi nkhalamba ya mu 1887, opanga zilankhulo ena anachita bwino. Tiyeni tiwayendere mwachangu. Volapük, yomwe wansembe wa ku Germany Johann Martin Schleyer anayamba mu 1879, ili ndi at ndi et, uyu ndi uyo. Ido, yomwe inapatuka ku Esperanto mu 1907 ndi cholinga chokonza zolakwika, inaonadi vuto la chigamba chija n'kupatsa "uyu" liwu lake, ica, pambali pa ita. Koma pokonzapo inaphwasula tchati n'kusendera kwambiri ku Chilatini ndi ana ake. Interlingua ya mu 1951 ili ndi iste ndi ille, ndipo yokhayo siibisa n'komwe kuti ndi ya ku Ulaya.

Zomwe zimandiseketsa ndi zilankhulo za m'mafilimu. Marc Okrand, popanga Klingon ya mu Star Trek, anayesetsa kuti imveke yachilendo kwenikweni. Anatembenuza chiganizo kuti chochitidwa chiyambe, wochita atsirize, zomwe n'zosowa kwambiri m'zilankhulo za anthu. Koma zolengedwa za ku dziko lina zimenezi zikafuna kuloza, zili ndi -vam ndi -vetlh basi, uyu ndi uyo. Zimaphatika kumapeto kwa dzina ngati mmene ife timanenera "munthuyu", "munthuyo", zomwe zinandisangalatsa, koma ndi awiri omwe aja. Anthu abuluu a mu Avatar, omwe Paul Frommer anawapangira chilankhulo cha Na'vi, amakhala m'nkhalango ya mitengo italiitali, amauluka pa nsana wa zilombo, koma poloza ali ndi fì- ndi tsa-. Mpaka ku nyenyezi zina, this ndi that anafikako kale. David J. Peterson yekha, popanga Dothraki ya mu Game of Thrones, anakumbukira kuti womvera nayenso ali ndi pomwe waima, n'kuika atatu: jin wa pafupi ndi ine, haz wa pafupi ndi iwe, rek wa kutali ndi tonse. (Mwa njira, High Valyrian wa Peterson yemweyu ali pa Duolingo, Klingon ali pomwepo, Esperanto ilipo kuyambira 2015. Chichewa cha anthu mamiliyoni palibe. Koma imeneyo ndi ndewu ya tsiku lina.)

Lojban, yomwe inayamba mu 1987 kuchokera ku Loglan ya James Cooke Brown, ndiyo inaganiza mozama kuposa onse. Ili ndi ti, ta, tu olozera ndi chala pa mitunda itatu, ndiye ili ndi mawu ena apadera olozera zomwe zanenedwa: di'u chiganizo chomwe changotha kumene, de'u chakumbuyoko pang'ono, da'u cha kumbuyo kwenikweni. Ndimawapatsa ulemu, anazindikira kuti kuloza ndi chala ndi kuloza ndi mawu n'zosiyana. Koma taonani kuti atatu omalizawa akuwerenga ziganizo ngati kalaliki wa ku khoti amene akutsegula mafayilo. "Uja" wathu safuna fayilo. Chinthucho mwina sitinachitchulepo n'kamodzi komwe, tinangochiona limodzi pa ukwati wa chaka chatha n'kuyang'anana.

Yomwe ndilibe nayo mlandu ndi Toki Pona. Sonja Lang anaitulutsa mu 2001, ili ndi mawu ongopitirira 100 pang'ono, ndipo loloza ndi limodzi lokha, ni. Uyu, uyo, ichi, izo, zonse ni. Umphawi wadzaoneni, koma ndi umphawi wochita kusankha ndipo wosabisa. Toki Pona sinalonjeze kuti idzakhala bwalo lomwe mitundu yonse idzakumanepo mofanana. Inangoti tiyeni tione kuti tingayende mtunda wautali bwanji ndi kachikwama kakang'ono. Wosauka amene akuvomera kuti ndi wosauka ndimadya naye. Amene amandivuta ndi uja wobwera ndi mbale ya kwawo n'kundiuza kuti imeneyi ndiye ndiwo ya dziko lonse.

Mwina wina afunsa kuti bwanji osangokonza, poti chilankhulocho n'chochita kupanga. Apa ndiye pali chitseko chachitsulo. Mu 1905, pa msonkhano woyamba waukulu wa olankhula Esperanto ku Boulogne-sur-Mer ku France, anagwirizana kuti buku la maziko a chilankhulochi, Fundamento de Esperanto, lisakhudzidwe. Chifukwa chake chinali chomveka: anaona mmene Volapük inagawanikira pa mikangano ya kusintha. Koma zotsatira zake n'zakuti tchati chinawuma ngati konkire. Ndipo si ine ndekha amene ndaona kuti mitu isanu njochepa. Olankhula Esperanto eni ake, osatumidwa ndi munthu, anayamba kupanga mutu wachisanu ndi chimodzi kuchokera ku liwu lawo lotanthauza "china": alies "cha wina", aliel "mwa njira ina", aliam "nthawi inanso". Malilime awo anaona mpata n'kulowapo. Olemba mabuku a galamala ya Esperanto amawaletsa, ati zisokoneza, poti alie ali kale ndi tanthauzo lake ndipo sangakhalenso "kwina". Ndiye chilankhulo chomwe chinapangidwa kuti chimasule anthu ku malamulo opanda mutu a zilankhulo zakale chili ndi alonda ake pa geti, oteteza chisankho cha munthu mmodzi wa zaka za m'ma 1800.

Zonsezi ndikuzinena chifukwa ambiri a ife tinaphunzitsidwa kuona chilankhulo chathu kudzera m'magalasi a eni ake a this ndi that. Tikaona tchati cha Zamenhof timati eee, nzeru, tikamva agogo akuti "kumunda kuja" timati n'zachikale. Ndaonapo anzanga olemba nkhani zopeka, za maufumu omwe kulibe ndi mitundu ya anthu yomwe sinakhaleko, akupangira anthu awo chilankhulo. Amatha masiku kufunafuna liwu lokoma la lupanga, la mwezi, la mulungu wa mvula. Ukafunsa kuti nanga anthu akowa amaloza bwanji, akupatsa awiri, wapafupi ndi wakutali, ngati kuti zimenezo zinalembedwa m'mwamba. Pomwe iye mwini, polankhula nawe pomwepo, wangonena kumene kuti "buku lija ndikubwezera mawa". Ali ndi zinayi m'kamwa, akupatsa anthu ake ziwiri za eni. Ngati anthu a m'nkhani yako amakhala m'mphepete mwa phiri, bwanji asakhale ndi "uyo wakumtunda" ndi "uyo wakumunsi"? Ngati amakhulupirira kuti akufa sapita kutali, kodi wakufa amamuloza ndi liwu liti, la wapafupi, la wosaoneka, kapena la uja? Yankho la funso limeneli likuuza zambiri za anthuwo kuposa mayina 50 a malupanga.

Poti geti la Boulogne-sur-Mer ndi lotseka, ine ndapanga mutu wanga wachisanu ndi chimodzi pano pa bulogu, pomwe palibe mlonda. Musakaufunefune m'dikishonale ya Esperanto, mulibe, ndaupeka ndekha. Ndi uji-, ndipo ukulowa m'tchati bwinobwino ngati anzake. Ujiu, munthu uja. Ujio, chinthu chija. Ujie, kumalo kuja. Ujiam, nthawi ija. Ujiel, mwa njira ija, mukudziwa kale. Ujial, pa chifukwa chija chomwe sitingatchule pagulu. Ujia, wa mtundu uja. Ujies, cha ujeni. Ndipo womaliza, wa kuchuluka, ndi ujiom: ndalama zija, zonse, osachotsako ya thiransipoti.